Mboni Inene Zimene Yaona Basi

Pa mlandu wakupha munthu, Shariya imafuna kuti mboni ifotokoze zimene inaona ndi maso: amene anamenya, chida chimene anagwiritsa ntchito, malo ndi nthawi yake. Ikayamba kunena kuti "ndikuganiza kuti anachita dala", yadumpha malire, chifukwa kuyeza cholinga ndi ntchito ya Qadhi. Iye amayang'ana chida. Imam Abu Hanifa amati kupha mwadala kumadziwika ndi chida chakuthwa monga lupanga, pomwe Imam Shafi'i amawerengeranso chilichonse chimene nthawi zambiri chimapha, monga chimwala chachikulu. Dokotala yekha amaloledwa kupereka maganizo pa za bala, chifukwa cha ukatswiri wake.

Abdullah ibn Sahl (RA) atapezeka ataphedwa ku Khaybar, abale ake anakayikira Ayuda akumeneko. Mtumiki (SAW) anawauza kuti alumbire ka 50, koma iwo anakana popeza sanaone chilichonse. Palibe amene anaphedwa pobwezera; Mtumiki anapereka yekha dipo la ngamira 100.

Chifukwa chake n'chomveka: qisas imachotsa moyo, ndipo moyo subwezedwa ngati mboni inangoganizira molakwika. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.