Basela yemwe anadyera Intel ndalama zambiri

Wamalonda akafika mochedwa pamsika n'kupeza anzake atagwira kale makasitomala, nzeru yoyamba imakhala kutchipitsa katundu kapena kuchulutsa basela. Kampani ya Intel ya ku America inayesa njira imeneyi, ndipo zimene inakumana nazo zingatithandize pa geni yathu.

Intel imapanga purosesa, kachipangizo komwe kamayendetsa zonse m'kompyuta. Kumbali ya makompyuta inalibe wofanana nayo. Koma mafoni amakono atabwera, opanga ake anakonda mapurosesa a mtundu wa ARM, omwe sadya batire kwambiri, ochokera kumakampani ngati Qualcomm ndi MediaTek. Intel inali ndi nthambi yopanga mtundu umenewu, koma inaigulitsa kwa Marvell pamtengo wa madola 600 miliyoni mu 2006, kutatsala chaka chimodzi kuti iPhone ituluke.

Pofuna kulowanso msikawu, mkulu wa kampaniyi panthawiyo, Brian Krzanich, analengeza kuti mu 2014 matabuleti 40 miliyoni akhale ndi purosesa ya Intel yotchedwa Atom. Vuto linali lakuti purosesayi imafuna zipangizo zina zodula, choncho kupanga tabuleti ya Intel kumadya ndalama zambiri kuposa ya ARM. Kuti opanga matabuleti avomere, Intel inkawabwezera ndalama yapamwambayo. Kunena kwina, inkalipira makasitomala kuti atenge katundu wake.

Katundu anayendadi, mpaka matabuleti anakwana 46 miliyoni. Koma nthambi ya mafoni ndi matabuleti inaluza madola 3.1 biliyoni mu 2013 ndi 4.2 biliyoni mu 2014. M'miyezi itatu yomaliza ya 2014, ndalama zomwe nthambiyi inapereka kwa makasitomala zinaposa zomwe inalandira. Mu 2016 Intel inasiya mapurosesa atsopano a mafoni omwe inkakonza. Mu 2019 inagulitsa kwa Apple gawo lalikulu la bizinesi yake ya zipangizo zolumikiza foni ku netiweki pamtengo wa madola 1 biliyoni. Mafoni ambiri a Tecno ndi Itel omwe ali pamabenchi athu lero amayendera MediaTek kapena Unisoc.

Chinalakwika n'chakuti basela sanachotse gwero la vuto. Opikisana nawo ankapeza phindu pamtengo womwe Intel inkaluza, ndipo ogula ambiri anabwerera baselayo, osati katunduyo. Intel inapirira chifukwa makompyuta ankaibweretsera ndalama: mu 2014 kampani yonse inapindula madola 11.7 biliyoni. Wogulitsa tomato kapena kaunjika alibe thumba lachiwiri lotere. Iye akaluza, ndi mpamba womwe ukupita.

Choncho musanatsitse mtengo, werengerani zonse: ndalama yoodera, thiransipoti, chiphaso cha msika ndi katundu wowonongeka. Mnzanu akamagulitsa motchipa, fufuzani komwe amapikula. Mwina iye akupindula, ndipo mankhwala ake ndi kupeza kooda kotchipa kapena kuphatikizana ndi anzanu pooda, osati kumutsatira pamtengo. Ngati mwaganiza zokopa anthu ndi basela, ikiranitu tsiku losiyira komanso ndalama yomwe simudzapitirira. Tsikulo likakwana, bwezerani mtengo pamalo pake n'kuona amene akubwerabe. Amenewo ndiwo makasitomala anu enieni, ndipo ndi amene muziwerengera pooda katundu wina.