Kabwata ndi Kamwala: Mbendera Ziwiri, Mtsamunda Mmodzi

Pulogalamu yathu lero ikuchokera ku Kabwata, m'mbali mwa Burma Road muno mu Lusaka. Kugogoda mukumvaku ndi kwa amisiri osema ziboliboli pa Kabwata Cultural Village. Iwowa amagwirira ntchito pakati pa tinyumba 43 tozungulira, tofolera ndi udzu, totsala pa tambirimbiri timene boma la atsamunda linamanga Lusaka atasanduka likulu m'chaka cha 1935. Kanyumba kalikonse n'ka chipinda chimodzi, poti kanamangidwira mwamuna wakuda wodzagwira ntchito m'tauni. Mkazi ndi ana ankayenera kutsala kumudzi.

Mukayenda pang'ono kulowera kutauni, mufika ku Kamwala, kumene zitenje zimalendewera pakhomo pa sitolo iliyonse. Atsamunda anapatula derali kuti likhale la malonda a kalasi yachiwiri. Cairo Road inali ya Azungu, Kamwala ya Amwenye, Kabwata ya anthu akuda. Mzinda umodzi, koma aliyense anamulembera malire ake potengera khungu.

Amwenye oyamba m'dziko muno anafikira ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, cha m'ma 1905. Ambiri anali Asilamu ochokera ku Gujarat, ndipo anadzera ku Nyasaland. Ahindu anabwera pambuyo potsata njanji kuchokera kumwera. Ankagulitsa mchere, nsalu, mabulangete, makasu ndi palafini, ndipo Chinyanja anachiphunzirira pakauntala, pokambirana mitengo ndi agogo athu.

Chaka chilichonse pa 15 Ogasiti, tsiku la ufulu wa India, zidzukulu zawo zina zimasonkhana ku ofesi ya kazembe wa India, pa Pandit Nehru Road ku Longacres, kukaona mbendera ikukwezedwa. Zimene amakumbukira pamenepo si zamasewera. Pa 13 Epulo 1919, mumzinda wa Amritsar, mkulu wa asilikali Reginald Dyer analamula kuti khamu lopanda zida liwomberedwe m'bwalo la Jallianwala Bagh. Boma la Britain linati anafa anthu 379, pamene eni dziko anati anaposa 1,000. Mu 1930, Mahatma Gandhi anayenda wapansi kuchokera ku Ahmedabad mpaka kugombe la Dandi, kukatola mchere ndi manja ake, chifukwa lamulo linkaletsa mwini dziko kudzipangira mchere popanda msonkho. Dandi ali ku Gujarat komweko, kwawo kwa amalonda a ku Kamwala. Ufulu unabweradi mu 1947, koma unabwera ndi maliro: dziko linagawika pawiri, India ndi Pakistan, anthu mamiliyoni anathawa m'midzi mwawo ndipo ochuluka anaphedwa panjira.

Nanga Mmwenye wa muno anapindulanji tsiku limenelo? Kwawo mbendera ya Britain inatsika, koma pamutu pake inapitiriza kukupiza zaka zina 17. Ana ake ankaphunzira pasukulu yawoyawo. M'mahotela ndi m'makalabu a Azungu sankaloledwa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, kuitanitsa m'bale kuchokera ku India kunakhala kovuta kwambiri.

Komatu tisapake mafuta mbiri. Mtolo wa Mmwenye sunali wofanana ndi wa munthu wa ku Kabwata. Wakuda ndiye ankayenda ndi chitupa m'thumba. Wakuda ndiye ankagula nyama pawindo lakumbali kwa butchala, n'kulandira chilichonse chimene am'kulungira, osachiona n'komwe. Mmwenye anaikidwa pakati, pansi pa Mzungu koma pamwamba pa mwini nthaka, ndipo amalonda ambiri anasankha kukhala chete kuti malonda ayende. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'masitolo masiku amenewo amakumbukirabe malipiro ochepa ndi kutchedwa anyamata ali ndi imvi kale. Zimenezinso ndi mbiri, ndipo kuzibisa n'kunamiza ana.

Analipo ena amene sanakhale chete. Wamalonda wa mu Lusaka, Rambhai Patel, amene anthu ankam'tcha Kanjombe, anathandiza omenyera ufulu ndiponso anafalitsa pakati pawo maganizo a Gandhi. Simon Kapwepwe, mmodzi wa omenyera ufuluwo, anapita kukaphunzira ku India mu 1950 ndipo anabwerako mu 1955, ataona ndi maso ake dziko la anthu osayera khungu likudzilamulira lokha. Kenneth Kaunda, amene kuyambira 1960 mpaka 1962 ankakhala m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, pafupi pomwepa, sankabisa kuti njira yolimbana ndi mtsamunda popanda kukhetsa magazi anaitengera kwa Gandhi. Kunyanyala mabutchala kwa m'zaka za m'ma 1950 kunali kwa mtundu womwewo: osaponya mwala, kungobweza ndalama m'thumba mpaka windo lija litsekedwe, khomo litsegulidwe.

Pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu, ndipo kwa Amwenye unabwera ndi funso lovuta: kodi kwanu n'kuti? Ambiri anali ndi mapasipoti a Britain. Mu Epulo 1968, Pulezidenti Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti malonda ambiri a m'masitolo, makamaka kumidzi ndi kunja kwa pakati pa matauni, akhale m'manja mwa nzika zokha. Mabanja ena anagulitsa katundu n'kupita ku Britain. Ena anatenga unzika wa Zambia n'kukhazikika. Sanathamangitsidwe ngati mmene Idi Amin anachitira ndi anzawo ku Uganda mu 1972, ngakhale kuti mantha analowa m'nyumba zambiri nthawi imeneyo.

Otsalawo ndi amene ana awo lero amakondwerera ufulu kawiri pachaka, mu Ogasiti ndi mu Okutobala. Ena anasamukira ku Woodlands ndi ku Kabulonga, madera amene makolo awo sankaloledwa kukhalako. Ndipo pachisankho cha 1991, anthu a dera la Lusaka Central, ambiri mwa iwo akuda, anasankha Dipak Patel kukhala phungu wawo kunyumba ya malamulo. Pambuyo pake iye anakhala nduna ya zamalonda ya dziko la Zambia.