Kodi thengo tililambule mwezi uti?

Ana anga, tsinzinani pang'ono tiyende ulendo wa m'maganizo. Ndi mwezi wa Febuluwale. Mwakwera minibasi m'tauni, mwatsika pafupi ndi thanki ya madzi ya ku Chelstone. Kodi mukuona chiyani m'mbali mwa msewu? Udzu! Uli m'ngalande, uli kuseri kwa mipanda, wadzaza papuloti pamene mwiniwake sanayambe kumanga. Pena watalika kuposa atate anu. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene mabwalo a nyumba ndi aakulu, nakonso wakula zedi. Tsiku lina thengo limeneli liyenera kulambulidwa. Tiyeni tifufuze limodzi nyengo yoyenera.

Kodi udzu wonsewu wachokera kuti, poti mu Okutobala panali fumbi lokhalokha? Unali pomwepo, koma unali mtulo. Njere zake zinabisala m'dothi. Mizu yake inadikira pansi, osafa. Mvula ya mu Novembala itagwa, zonse zinadzuka. Mzinda wa Lusaka umalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, ndipo yambiri imagwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Tengani lula, muyeze masentimita 80 pakhoma kuchokera pansi. Imani pambali pake. Madzi a mvula akanati asalowe m'nthaka kapena kuyenderera, akanafika pamenepo mumzinda monse! Udzu umamwa madzi amenewo n'kuwotha dzuwa, basi n'kumangokula.

Nanga umakula msanga motani? Dzionereni nokha. M'dzinja, zikani kamtengo pambali pa tsinde la udzu. Mangani kachingwe pamene nsonga yake yalekezera. Bwerani pakatha masiku 7. Udzu udzakhala utapitirira kachingweko. Yezani, mulembe m'kope, kenaka muyezenso sabata yotsatira.

Ndiye bwanji osangolambula zonse m'dzinja momwemo? Chifukwa udzu ukadali ndi mphamvu. Mukaudula lero, pakangopita masabata awiri waphukanso. Matope amamatirira kukhasu. Palinso vuto lalikulu. Mukazula zomera zonse, dothi limatsala poyera. Mvula ikagwa imalikokolola n'kulitaya m'ngalande. Ngalande zikatsekeka, madzi amasefukira mumsewu umene mumadutsa popita kusukulu. Komanso nthawi imeneyi mbalame zambiri zimakhala ndi mazira ndi anapiye m'zisa zomangidwa paudzu ndi m'zitsamba. Ine mtima umandiwawa ndikaona chisa chitagwa pansi.

Kodi ndiye kuti m'dzinja chikwakwa chizingogona? Iyayi. Pafupi ndi nyumba, ndi chimbudzi ndiponso m'njira, akuluakulu azitchetcha kawirikawiri. Udzudzu umakonda kupuma mumthunzi wa udzu wautali, ndipo umaikira mazira m'madzi odikha. Udzu ukafupika, mumaona zitini ndi matayala akale amene asunga madzi, n'kuwakhuthula. Kutchetcha kumasiya mizu ili m'nthaka, ndipo mizuyo imagwira dothi kuti lisathawe.

Kodi munabwerako kosewera masokosi atadzaza tinjere takuda tobaya? Chimenecho ndi chisoso, ndipo n'chochenjera. Sichingayende, choncho chimakwera pa inu, pa galu, pa aliyense wodutsa. Mukamatola tinjereto n'kutitaya pabwalo, mwachidzalira! Ulendo wina muwerenge tinjere ta pasokosi imodzi yokha. Kalikonse kangathe kumera chaka chamawa. N'chifukwa chake ndi bwino kuchidula chikadali ndi maluwa, njere zisanakhwime. Masamba ake anthete ndi ndiwo, afunseni agogo. Chitedze nachonso chimafunika kuchizula msanga, makoko ake aubweya asanakhwime. Chikakhwima, musachiyandikire konse. Chimayabwa koopsa.

Bwanji tidikire mpaka Sepitembala kapena Okutobala, zonse zitauma gwa? Alimi ambiri a kummawa, monga ku Chipata ndi ku Katete, amasosa minda yawo mvula isanabwere. Koma kulambula thengo lalikulu nthawi imeneyi n'kowawa. Mu Okutobala masana kumatentha kupitirira madigiri 30. Nthaka imauma, khasu limangodumpha. Ndipo kuyambira mu Ogasiti mphepo imawomba mwamphamvu mu Lusaka. Munthu akatopa amaganiza zongotentha thengolo. Kuno kumzinda nyumba zayandikana, pali mawaya a magetsi ndi mipanda ya mitengo. Kamoto kakang'ono kakakumana ndi mphepo, kamalumpha mpaka kwa aneba. Utsi umatsokomoletsa makanda ndi okalamba. Motowo umaphanso tizilombo tabwino ta m'dothi.

Tsono yatsala nyengo iti? Werengani miyezi ndi zala. Dzinja tachotsa. Chilimwe tachotsa. Chatsala ndi chisanu: kumapeto kwa Meyi, Juni ndi Julayi, miyezi imene mumavala juzi popita kusukulu. Mvula yaleka, choncho chodulidwa sichiphukanso msanga. Udzu wasanduka wofiirira ndipo wapepuka. Mu Meyi ndi Juni nthaka imakhala isanaumitse, ndiye zitsa zimazuka mosavuta. Anapiye ambiri aja auluka. Wogwira ntchito satopa msanga chifukwa dzuwa silipsa. Masamba akachepa, munthu amaonanso bwino pamene pali dzenje, mwala kapena botolo losweka.

Nanga njoka zimapita kuti kukazizira? Sizipita kutali. Thupi la njoka limadalira dzuwa kuti lifunde, choncho m'chisanu imachita ulesi n'kubisala pansi pa miyala, m'mauna ndi m'milu ya zinyalala. Mphiri imakonda kungogona phee, ndipo khungu lake limafanana ndi masamba ouma. N'chifukwa chake olambula amavala jombo ndi kuyamba agwedeza udzu ndi ndodo yaitali. Amayambira mbali imodzi kuti tinyama tipeze kothawira. Inu ana, chikwanje ndi chikwakwa si zanu. Imani patali kufikira akuluakulu atakuitanani.

Kodi udzu wodulawo titani nawo? Ndi chuma! Mukapita ku Kabwata Cultural Village, kumene amagulitsa ziboliboli ndi madengu, kayang'aneni madenga a nyumba zozungulira zija. Afoleredwa ndi udzu. Udzu wautali wouma bwino umamwetedwa m'chisanu momwemu. Wotsala muunjike pamthunzi pamodzi ndi masamba ndi makoko a ndiwo, muzithirira madzi, udzasanduka manyowa. Wina muuyale padimba la repu ndi matimati. Mitengo ya mango ndi mapeyala muisiye. Mudzafuna mthunzi wake mu Okutobala.

Kodi udzu woyalawo umathandizadi? Yesani Loweruka likubwerali. Tengani mbale ziwiri zakale, mudzaze dothi. Imodzi muiphimbe ndi udzu wouma, inayo muisiye poyera. Zipendeketseni pamwala, kenaka muthire madzi ofanana kuchokera m'chitini choboola pansi. Yang'anani madzi otsika: ndi mbale iti ikutulutsa matope ambiri? Mukatero zisiyeni padzuwa. Mawa lake pisani chala m'dothi la mbale iliyonse, mumve imene yasunga chinyezi.