Chifukwa chake atsikana a giredi 7 amapitirira anyamata kutalika

Mukaima pachipata cha sukulu ya pulayimale ku Kanyama kapena ku Mtendere m'Zambia nthawi yoweruka, muona atsikana a giredi 7 ataliatali, yunifolomu itayamba kuthina pachifuwa. Anyamata amene anabadwa nawo chaka chimodzi akadali tiana, tikuthamangitsa mpira wachikulunga m'fumbi. Amayi ena amayamba kudandaula kuti mwana wawo wamwamuna wapinimbira. Ayi, nthawi yake sinakwane chabe.

Kutha msinkhu kumayambira mu ubongo. Kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pituitary, kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH. Mwa mtsikana, mahomoniwa amadzutsa matumba a mazira kuti apange estrogen. Mwa mnyamata amadzutsa machende kuti apange testosterone. Mtsikana amayamba pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14.

Koma kusiyana kwenikweni kuli pa dongosolo lake. Mtsikana amaphuka mawere n'kuyamba kutalika mofulumira nthawi yomweyo, ndipo kusamba kumadza patapita zaka ngati ziwiri. Mnyamata zake zimayambira kobisika: machende amakula popanda woona, ndipo kutalika, kulemera kwa mawu ndi ndevu zimabwera mochedwa. Estrogen yemwe uja ndiye amatseka nsonga za mafupa kuti asatalikenso. Mnyamata, pochedwa, amapindula zaka ziwiri zowonjezera zokula, n'chifukwa chake amuna amaposa akazi ndi masentimita pafupifupi 13.

Palibe amene ali ndi homoni imodzi yokha. Thupi la mnyamata limasandutsa testosterone wina kukhala estrogen, ndipo pafupifupi theka la anyamata amatuluka kachotupa pansi pa nsonga ya bere. Kamapweteka kakakhudzidwa, anzake a mnyamatayo amamuseka, iye n'kuleka kuvula malaya pampira. Si ufiti, ndipo kawirikawiri kamatha kokha zaka ziwiri zisanathe. Fungo la m'khwapa ndi ziphuphu, izo n'za onse.

Chomwe chimandivuta m'komboni n'chakuti mtsikana akangosamba, azakhali, agogo ndi alangizi amamukhazika pansi, pomwe mnyamata amaphunzira kwa anzake kuseri kwa kantemba. Ndipo mtsikanayo, poti thupi lathamanga, akuluakulu a pamsewu amamuyesa mayi. Ubongo wake upitirizabe kukhwima mpaka atapyola zaka 20. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko la Zambia wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati.

Pambale, mtsikana wosamba amataya ayironi mwezi ndi mwezi, choncho kapenta, nyemba ndi bondwe asamasowe.

Pitani naye kuchipatala mwana wamkazi akaphuka mawere asanakwane zaka 8, akafika 13 popanda chizindikiro, kapena akakwana 15 asanasambe. Wamwamuna, akayamba asanakwane 9 kapena akafika 14 kuli zii. Yambirani pakiliniki ya pafupi, monga ya Kalingalinga kapena George, kaya zipatala za Matero ndi Chawama. Pakafunika kuyeza mahomoni m'magazi, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH.