Ndani Amasenza Mtolo wa Kudikira Chilungamo?

Kum'mwera kwa boma la Mzimba, m'dera la Inkosi Mabilabo, kuli malo otchedwa Kanyika. Pansi pa minda ya kumeneko pali mwala wa niobium, umene amausakaniza ndi chitsulo kuti chikhale cholimba. Kampani ya ku Australia ya Globe Metals and Mining ndiyo yakhala ikufufuza mwalawu. Anthu a kumeneko akuti mu 2012 anauzidwa kuti asamutsidwa, katundu wawo anawerengedwa, ndipo analeka kumanga nyumba zatsopano ndi kubzala mitengo yokhalitsa. Zaka zinapita, osasamuka, osalandira chipukuta misozi. Mu 2017 mabanja oposa 200, mothandizidwa ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre, anakasumira kampaniyo pamodzi ndi boma ku khoti lalikulu ku Mzuzu. Chiphaso chokumbira mgodi chinadzatuluka mu Ogasiti 2021, ndipo mgwirizano wa kampani ndi boma unasainidwa mu Malichi 2023.

Dandaulo lalikulu la anthuwa ndi nthawi imene inatayika. Munthu wouzidwa kuti asamuka posachedwa sakonza khoma likang'ambika, saumba njerwa, sabzala mango. Mwana wamwamuna akakwatira amapanikizana ndi makolo pakhomo lakale chifukwa kumanga kwina n'kutaya ndalama. Tsono munthu wovulazidwa ndi kudikira akapita kukhoti, amakapezanso kudikira. Funso loti tiyerekeze nalo dziko lathu ndi maiko ena ndi ili: mlandu ukamatenga zaka, amalipira zakazo ndani?

Kwathu kuno chilungamo chili ndi makomo awiri. Loyamba ndi bwalo la mfumu. M'midzi ya Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa, mlandu wa malire a munda kapena wa ng'ombe zodya chimanga cha mwini umayamba kwa nyakwawa, ukakanika umakwera kwa gulupu mpaka kwa inkosi. Umakambidwa m'Chitumbuka, mboni ndi anthu odziwana, ndipo wolakwa amalipa nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe anthu akuona. Bwaloli lili ndi zofooka zake. M'dera limene malo amatsata kuchimuna, mayi wamasiye sakhala ndi mawu amphamvu ngati a alamu ake. Komabe ndi lapafupi ndiponso lachangu. Vuto n'lakuti mfumu singaitanitse kampani ya ku Australia kapena nduna ya za migodi kuti idzakhale pansi pa mtengo n'kuyankha mlandu.

Khomo lachiwiri ndi khoti la boma. Pa Mzimba boma pali khoti la majisitireti, koma milandu ya ndalama zambiri ndi yokhudza malamulo aakulu a dziko imapita ku khoti lalikulu, ndipo lapafupi lili ku Mzuzu. Munthu wa ku Kanyika ayambe wafika pamsewu wa M1, akwere minibasi pa Jenda, adutse nkhalango ya Chikangawa, apeze pogona, m'mawa mwake n'kumva kuti mlandu wasunthidwira tsiku lina. Zonse zimayankhulidwa m'Chingerezi, iye amamvera kwa womasulira. Malamulo enieniwo ndi abwino ndithu. Gawo 41 la malamulo aakulu a 1994 limapatsa aliyense ufulu wokadandaula kukhoti, ndipo gawo 44 limati katundu wa munthu asalandidwe popanda chidziwitso chokwanira ndi chipukuta misozi choyenera. Akulu amati mlandu suola, koma denga la udzu limaola, mboni zimakalamba, ena mwa odandaula amaikidwa m'manda chigamulo chisanatuluke.

Anzathu a ku Chingola ku Zambia anakumana ndi zofanana. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi yozungulira mgodi wa Konkola Copper Mines anadandaula kuti madzi a m'mitsinje yawo anaipitsidwa ndi zotuluka mumgodi. Iwo anakasuma ku London, kumene kunali likulu la kampani ya Vedanta, mwini wake wa mgodiwo. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linavomera kuti mlanduwo umvedwe kumeneko. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Oweruza sananyoze makhoti a ku Zambia. Anaona kuti anthu osaukawo sakanapeza ndalama zolipirira mlandu waukulu chotero kwawo, pamene ku England loya amaloledwa kugwira ntchito osalandira kanthu mpaka mlandu utapindula. Mu Januwale 2021 kampaniyo inagwirizana ndi odandaulawo kunja kwa khoti, ngakhale sinavomere kulakwa. Mlanduwo unatenga zaka zoposa zisanu, koma amene anasenza mtolo wa zakazo anali maloya awo a Leigh Day, osati alimi.

Amalawi nawonso anadutsa njira imeneyi. Mu 2021 kampani ya Camellia inalipira mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu wa amayi 36 amene ankadandaula za nkhanza zogonana m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, nayonso osavomera kulakwa. Koma njira ya ku London ndi yopapatiza. Imatseguka ngati kampani ili ndi likulu ku Britain, ndipo ya ku Kanyika ndi ya ku Australia. Komanso mlandu wothera pa mgwirizano kunja kwa dziko susiya chigamulo chimene woweruza wa ku Mzuzu angadzatsamirepo mawa.

Chitsanzo chimene chimatiyandikira kwambiri ndi cha ku Xolobeni, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Kumenekonso kampani yochokera ku Australia inkafuna kukumba mchenga wa titanium pa malo a makolo. Anthu, motsogozedwa ndi mfumu yachikazi Duduzile Baleni, anapita kukhoti mgodi usanayambe. Mu Novembala 2018 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti nduna singapereke chiphaso cha mgodi pa malo otere eni ake asanavomere, ndipo kungowafunsa maganizo sikokwanira. Khotilo linatsamira pa lamulo la 1996 loteteza anthu okhala pa malo opanda mapepala, ndipo linalemekeza njira imene mudziwo umagwirizanirana pa nkhani za malo. Apa bwalo la mfumu ndi khoti la boma zinagwirana manja. Kusiyana kwake ndi kwathu n'koonekeratu: ife zokambirana zimayambira pa "mulandira zingati", iwo zinayambira pa "mukulola kapena ayi". Pamene mudzi usanalole, amene amadikira ndi kampani, anthu akulima minda yawo. Sikuti zinabwera mwaulere. Mtsogoleri wa otsutsa mgodiwo, Sikhosiphi Rhadebe, anaphedwa ndi mfuti mu Malichi 2016.

Tisafulumire kunena kuti makhoti athu ndi aulesi mwachibadwa. Amayi 18 a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019 anapeza chigamulo chowakomera mu Ogasiti 2020, chaka chisanathe, chifukwa bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association linawasenzera mlanduwo. Mlandu wa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha Meyi 2019 unagamulidwa mu Febuluwale 2020, dziko lonse likumvera pa wailesi. Mlandu ukakhala ndi ousenza komanso maso a anthu, umayenda. Ukasowa zimenezi umafanana ndi madandaulo a ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi: bwalo la National Compensation Tribunal linatsekedwa anthu zikwizikwi asanalipidwe, mpaka ofesi ya Ombudsman inadzafukulanso nkhaniyi mu 2017.

Zoti tibwereke kwa anzathu n'zochepa ndipo n'zotheka. Ku South Africa titengeko mfundo yoti malo a makolo ndi katundu weniweni, mwini wake avomere zinthu zisanayambe. Ku England titengeko njira yoti wosauka asalipire yekha mlandu wa gulu, kaya kudzera mwa maloya olandira pamapeto, kaya kudzera mu Legal Aid Bureau yathu yopatsidwa ndalama zokwanira milandu ikuluikulu. Zina n'zoti tikonze tokha. Lamulo linene kuti kampani ikawerenga katundu wa anthu ilipire pasanathe nthawi yoikika, ikalephera anthu abwerere ku moyo wawo ndipo zaka zotayikazo zilipiridwe. Milandu ya kusamutsa anthu ikhale ndi malire a nthawi. Oweruza a khoti lalikulu azibwera kudzamvera milandu yotere pa Mzimba boma, kuti agogo asamagone pa depoti ku Mzuzu.

Mafumu nawonso ali ndi ntchito yawo. Alendo akabwera ndi lonjezo, mfumu iumirire kuti lilembedwe, tsiku lake lidziwike, ndipo banja lililonse, kuphatikizapo la mayi wamasiye, lisunge pepala la katundu wake amene wawerengedwa. Khoti limagamula potengera umboni, ndipo mawu onenedwa pamsonkhano wa pansi pa mtengo savuta kuwakana pakapita zaka khumi. Boma likulimbikitsa migodi ngati njira yotukulira chuma, choncho midzi ina idzalandira alendo onga amene anafika ku Kanyika. Malamulo oti wochedwetsa ndiye alipire kuchedwako ayenera kukhalapo alendowo asanayambe kuwerenga nyumba.