Kodi Mumadziwa? Mpweya Wopulumutsa Wodwala Wobanika

Wodwala akafika kuchipatala akubanika, anamwino sataya nthawi ndi mafunso ambiri, amathamangira mpweya. Ambiri mwa odwala otere amathandizidwa ali maso, popanda kuwagoneka ndi mankhwala kapena kuwalowetsa chubu pakhosi. Nazi mfundo zoti mudziwe.

Kodi mumadziwa kuti mumpweya womwe timapumawu, okosijeni ndi magawo 21 okha pa 100? Magawo 78 ndi nayitirojeni. Mapapo abwino amakhutira ndi mlingo umenewu. Koma chibayo, mphumu, chifuwa chachikulu kapena mtima wofooka zikasokoneza mapapo, magazi amayamba kuperewera okosijeni, ndipo ubongo ndi umene umayamba kuvutika.

Kodi mumadziwa kuti kachipangizo kamene amakupanani nako pachala kamaona zomwe maso sangaone? Dzina lake ndi pulse oximeter, ndipo njira yomwe kamagwirira ntchito anaitulukira Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Munthu wabwinobwino amaonetsa 95 mpaka 100. Nambala ikatsika pansi pa 90, wodwala akufunika okosijeni mwamsanga. Kudikira kuti milomo isinthe mtundu n'kuchedwa, makamaka kwa ife akhungu lakuda.

Kodi mumadziwa kuti mpweya umaperekedwa mokwera pang'onopang'ono? Timapaipi ta m'mphuno timapereka lita 1 mpaka malita 6 pa mphindi kwa munthu wamkulu. Zikakanika, amamuveka masiki yokhala ndi kathumba, yomwe imafuna malita 10 mpaka 15. Pamwamba pake pali makina a high-flow, amene amakankha malita ofika 60 pa mphindi. Mpweya wochuluka chonchi amayamba aufunditsa ndi kuunyowetsa, apo ayi ukhoza kuumitsa ndi kupweteka m'mphuno.

Kodi mumadziwa kuti nthawi zina vuto sikuchepa kwa okosijeni kokha, koma kuphwa kwa timatumba ta m'mapapo? Taganizani za chibaluni: kuchifufumitsa chili chophweratu n'kovuta, koma chikakhala ndi kampweya kale chimafufuma mosavuta. Makina a CPAP amasunga kampweya kameneka m'mapapo nthawi zonse kuti timatumbato tisatsekeke. Dokotala George Gregory wa ku San Francisco ndi anzake ndi amene anaonetsa mu 1971 kuti njirayi imapulumutsa ana obadwa masiku asanakwane.

Kodi mumadziwa kuti makina ena a CPAP anakulira ku Blantyre? Makina a Pumani anapangidwa ndi a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Gulupu ndi a College of Medicine. Oyambirira ankayendera timapampu tomwe amaika m'matanki oweteramo nsomba za m'nyumba, ndipo mphamvu ya mpweya ankaipima ndi kuya kwa madzi m'botolo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti mwa makanda obanika kwambiri omwe anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 anapulumuka, pamene mwa omwe analandira okosijeni wamba anapulumuka 44 pa 100.

Kodi mumadziwa kuti ku Bangladesh botolo la shampu linagwira ntchito yomweyi? Dokotala Mohammod Jobayer Chisti wa ku Dhaka analumikiza botolo lotere ku timapaipi ta okosijeni. Pa kafukufuku wake wa mu 2015, mwa ana odwala chibayo choopsa omwe anathandizidwa motere anamwalira 4 pa 100, pamene mwa olandira okosijeni wamba anamwalira 15 pa 100.

Kodi mumadziwa kuti makina paokha sachiza? Phunziro limeneli linachokera ku Salima. Kafukufuku wa ana 644 odwala chibayo choopsa, wofalitsidwa mu 2019, anachitikira muwodi wamba mopanda dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku. Mwa ana omwe anali pa CPAP anamwalira 17 pa 100, pamene mwa omwe anali pa okosijeni wamba anamwalira 11 pa 100, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. CPAP imafuna munthu wophunzitsidwa pafupi: woyeretsa m'mphuno, woona ngati mimba yafufuma, wodziwa nthawi yodyetsa mwana ndi nthawi yosintha chithandizo. Boma likamagula makina, lizilembanso anamwino okwanira.

Kodi mumadziwa kuti masiki ya CPAP siyenera aliyense? Munthu wokomoka, wosanza pafupipafupi, wovulala kumaso kapena amene wasiya kupuma yekha sangathandizidwe nayo, chifukwa masanzi akhoza kulowa m'mapapo. Ameneyo nthawi zina amafunika chubu pakhosi ndi makina omupumira.

Kodi mumadziwa kuti nthawi ya Covid-19 njira zimenezi zinapeputsa mavuto m'zipatala? Ku Britain, kafukufuku wa RECOVERY-RS anapeza kuti mwa odwala omwe anaikidwa pa CPAP, 36 pa 100 anafika pofunika chubu kapena kumwalira, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa olandira okosijeni wamba. Madokotala anaonanso kuti kugoneka wodwala chafufumimba kumathandiza kuti mbali yakumsana ya mapapo itseguke.

Kodi mumadziwa kuti okosijeni ali ndi mlingo ngati mankhwala ena onse? Bungwe la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Akachuluka amaononga maso a ana obadwa masiku asanakwane. Kwa odwala matenda a m'mapapo okhalitsa otchedwa COPD, madokotala amafuna nambala ikhale pakati pa 88 ndi 92 basi. Choncho gadiyani asamakweze kapena kutsitsa mpweya yekha.

Kodi mumadziwa kuti makina a konsentireta amasefa mpweya wa m'chipinda momwemo? Amachotsa nayitirojeni n'kusiya okosijeni. Koma magetsi akazima nawonso amazima, n'chifukwa chake masilinda, jenereta ndi sola n'zofunika pachipatala chilichonse. Ndipo okosijeni amakolezera moto: fodya, kandulo kapena mbaula zisayandikire.

Kodi mumadziwa kuti mawu akuti okosijeni amapha ndi bodza? Manthawa anabwera chifukwa anthu amaona mpweya ukuikidwa kwa odwala omwe afika matenda atakula kale. Chimene chimapha ndi matendawo ndi kuchedwa. Ku Papua New Guinea, zipatala zitalandira makina a okosijeni ndi zoyezera zake, chiopsezo choti mwana amwalire ndi chibayo chinatsika ndi magawo 35 pa 100.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kuzindikira kubanika muli kunyumba? Werengani mpweya wa mwana kwa mphindi imodzi ali phee. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Onaninso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati, ngati akubuula kapena akukanika kuyamwa. Wamkulu wolephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu nayenso ali pangozi.

Makolo ndi magadiyani, mukaona zizindikiro zimenezi musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala, ndipo achipatala akanena kuti wodwala wanu aikidwe pa mpweya, vomerani msanga.