Chikwanje Chabwino N'chiti?

Lero tikambirana za chida chimene chimapezeka pafupifupi pakhomo paliponse, ndicho chikwanje. Mlimi wa fodya ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma amadziŵa kuti chigafa sichimangika popanda chida chimenechi, pakuti mphanda, milimo, mikangala ndi luzi zonse zimafuna kudulidwa. Komabe ambiri a ife tikafika pamsika timangotola chimene chatsika mtengo, osalingalira ntchito imene chikukagwira.

Mtundu woyamba ndi chikwanje chotakata kumutu, chimene anzathu a ku Kenya ndi ku Tanzania amachitcha panga. Zambiri zimatalika masentimita 40 mpaka 46. Popeza kulemera kwake kuli kutsogolo, chimaloŵa mumtengo chokha, dzanja likungochiongolera. N'chifukwa chake chimayenera podula milimo ya bulugamu kapena kesha, ndi posadza nthambi. Dzina lotchuka pa zikwanje za mtundu uwu ndi Martindale, kampani ya ku England, imene chizindikiro chake ndi ng'ona. Kuipa kwake n'kwakuti chimatopetsa mkono munthu akamalambula thengo tsiku lonse.

Mtundu wachiŵiri ndi chikwanje chopyapyala, choongoka ndi chopepuka, monga zimene amapanga a Tramontina ku Brazil. Mtundu umenewu ndiwo amaukonda a ku South America, kumene anthu amadula nzimbe ndi zomera zofeŵa. Kuno kwathu chimagwira bwino pa mapesi a chimanga, bango, nthochi ndi timitengo ta mpanda. Koma mukachimenyetsa pa muwanga wouma chimanjanja, chimabwerera, ndipo mwina chimathera pamwendo wa mwini wake.

Mtundu wachitatu ndi chosulidwa ndi amisiri athu pachipala, kaŵirikaŵiri kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto. Chitsulo chimenechi n'chabwino kwambiri, ndipo n'chomwenso amisiri a ku Nepal amasulira mipeni yawo yokhota yotchedwa kukri. Chikwanje chotere chimakhala chochindikala, chotha kung'amba nsungwi ndi kuŵaza tinkhuni. Ubwino wake wonse uli m'manja mwa mmisiri. Iye amachiotcha mpaka kufiira, n'kuchiviika m'mafuta kapena m'madzi kuti chilimbe, kenaka n'kuchifunditsanso pang'ono. Akachilimbitsa mopitirira, chimabenthuka. Akapereŵeza, chimabuntha msanga.

Nanga wogula angadziŵe bwanji? Tengani tupa, mupale kukamwa kwake. Tupa ikamangoterereka, chitsulocho chauma kwambiri. Ikamadya mosavuta ngati pa msomali, n'chofeŵa. Chabwino n'chimene tupa ikuluma pang'ono. Mukatero yang'anani chigwiriro. Akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo mau ameneŵa ndi oona pa chikwanjenso. Chitsulo chiyenera kuloŵa m'chigwiriro mpaka kumapeto, ndipo misomali yake isagwedere. Chigwiriro chong'aluka musachimange ndi mphira n'kuiŵala, chifukwa tsiku lina chikwanje chidzapulumuka ana ali pafupi.

Tizikumbukiranso kuti chikwanje chili ndi malire ake. Mtengo woposa mkono wa munthu wamkulu kunenepa ndi wa nkhwangwa, ndipo udzu ndi wa chikwakwa. Chikwanje chobuntha ndicho chimavulaza anthu ambiri, popeza chimaterereka m'malo moluma. Chinoleni pamwala wonyowa, muchipukute mukaŵeruka, ndi kuchipaka timafuta kuti chisachite dzimbiri. Podula, imani mwakuti chikaphonya chipite kumbali, osati kubondo. Mukadzitema, tsukani balalo ndi madzi oyera ndi sopo, muthamangire kuchipatala, pakuti bala loloŵa dothi limabweretsa kafumbata.

Potsiriza, tiganizire za mtengo womwe ukudulidwawo. Mitengo monga bulugamu, kesha ndi mombo imaphukanso ikadulidwa bwino. Dulani pafupi ndi nthaka, mopendeketsa, kuti madzi a mvula asakhazikike pachitsa. Chikwanje chakuthwa chimasiya chitsa chosalala chimene chimatulutsa mphukira. Chobuntha chimachiphwanya, ndipo chitsacho chimaola. Anthu a ku Mpingu ndi ku Namitete amaona mapiri a Dzalanyama chakummwera, nkhalango imene boma linaiteteza mu 1922 ndipo ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'malo otere popanda chilolezo. Mlimi amene ali ndi kankhalango kakekake, namadula mwaluso, sasoŵa milimo chaka ndi chaka, ndipo chikwanje chake sichimupalamulira mlandu.

Tsono omvera, musanatulutse ndalama, yambani mwadzifunsa ntchito imene ikukudikirani kumunda.